Chaka Chimene Atate Anasasula Denga

Malata atsopano ali ndi fungo lawolawo, fungo la mafuta osakanikirana ndi chitsulo. Mpaka lero ndikalimva m'sitolo ya zomangira nyumba, ndimangozindikira ndakweza maso kufuna kuona ngati kumwamba kuli mitambo. Fungo limeneli ndinagona nalo miyezi yambiri kwathu ku komboni ya Linda, ndili mu giredi yachitatu. Atate ankagula malata limodzilimodzi mwezi ukatha, n'kumawasanja pabalaza kuseri kwa mipando, pomwe ine ndinkayala mphasa yanga. Ndikatembenuka kutulo n'kuwagunda ndi phazi, ankalira, ndipo amayi ankandikalipira ali kuchipinda.

Nyumbayo anaisiya ndi agogo aamuna, amene anachoka ku Malawi ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji. Denga lake linali la asibesito wakalekale, wong'aluka paliponse, ndipo pamwamba panali miyala ndi tayala lakutha zopsinjira. Mvula ikayamba, mabeseni ndi zidebe zonse zinkalowa m'nyumba, bedi la amayi n'kumayendayenda m'chipinda kusaka pouma. Ine ndinkaona ngati nyumba zonse zimatero. Koma chaka chimenecho amayi anali oyembekezera, ndipo atate ananenetsa kuti mwana ameneyu sadzagona pansi pa asibesito.

Atate sanali mmisiri ayi. Ntchito yawo inali yosita zovala pa hotela ina kufupi ndi mathithi aakulu a kumalire ndi Zimbabwe, ndipo manja awo anali ofewa kuposa a amayi. Koma anali munthu woti akaganiza chinthu, ngakhale mumuimbire nyimbo sangasinthe. Anatenga tchuthi kumapeto kwa Okutobala, nthawi imene mchenga wa m'misewu ya ku Linda umawotcha mapazi ngakhale utavala patapata. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango kuyambira m'mawa, ndipo utsi wa mathithi, umene tinkauona tili pakhomo miyezi ya madzi ambiri, unali utazimiririka. Amayi atadandaula za mvula, atate anangoloza kumwamba. "Mvula ya kuno siibwela manje," anatero. "Na mwana ni wa Disemba. Nthawi tili nayo."

Anasasula denga lonse Loweruka lina, mothandizidwa ndi a Mubita, aneba athu oyendetsa takisi, amenenso anali eni makwerero. Asibesito uja ankasweka m'manja ngati mbale zadothi, moti panalibe zoti n'kumubwezeranso. Ndiyeno atate anagwira thabwa limodzi la denga, chala chawo n'kulowa chonse. Munatuluka fumbi lofiira ndi chiswe. Anayesa lina, chimodzimodzi. Ndinali pansi nditanyamula chitini cha misomali, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Aka kanali koyamba kudziwa kuti atate anganso amatha kuchita mantha, ndipo mantha awowo anandilowa ine.

Matabwa onse anafunika atsopano. Masiku anayamba kutha atate akuzungulira m'tauni kusaka mapulanga, kuwanyamula pa njinga, kuwacheka pansi pa mtengo wa mango. Ife tinkakhala m'nyumba yopanda chipewa. Dzuwa linkalowa mpaka m'kabati, shuga ankadzaza mchenga, ndipo masamba ouma ankagwera m'ndiwo. Ndege zonyamula alendo okaona mathithi zikamadutsa, ndinkachita manyazi poganiza kuti azungu akuona bedi lathu. Anthu odutsa mumsewu nawonso sankatisiya. "Ba Banda, iyi ni nyumba yoonelamo ndeke?" Atate ankaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha.

Mwana sanadikire Disemba. M'mawa wina ndinapeza amayi atagwira chitseko ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu, ndipo a Mubita anawathamangitsira kuchipatala. Amayi atabwerako anali ndi azakhali anga a Esinati, alongo awo aakulu a atate, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi a ku Highlands. Azakhaliwo ndiwo ananyamula kamtolo ka mabulangete, atakafunditsa mpaka osaoneka ndi chala chomwe. Anadutsa atate pakhomo osaima, n'kulowa kuchipinda. Munali kamnyamata kochepetsetsa, ka khungu lamakwinya, kolira ngati kamwana ka mphaka. Anamwino anali atanena kuti kasazizidwe ndipo kasanyowe.

Tsiku lomwelo ndinaphunzira mawu akuti chikuta. Azakhali anandikhazika pansi n'kundiuza kuti mayi ndi khanda amabindikira m'chipinda mpaka mchombo wa mwana utagwa. Mwana satuluka, ndipo mwamuna salowa kapena kusuzumira, ngakhale bambo wake. Anthu apabanja sayandikira chifukwa ndi otentha, angamudwalitse. Ine ndinali mwana, wozizira, choncho ndinkaloledwa kulowa ndi kutuluka. Akazi a a Mubita anabwera kudzanena kuti kwawo kuli chipinda chofolera bwino, amayi akhoza kukakhala kumeneko. Azakhali anapukusa mutu. "Awe, mwana walowa kale mu nyumba yake. Sachoka mpaka mchombo ugwe." Kuntchito kwawo ku Highlands nakonso sakanawatengera, chifukwa mabwana awo sankalola alendo. Atate analonjeza kuti denga litha msangamsanga, ayambira chipinda chomwecho.

Mawa lake a Mubita atangotsamiritsa makwerero pakhoma la chipinda n'kuyamba kukwera, azakhali anatuluka ndi tsache m'manja. "Selukani, ba Mubita! Mufuna kuona chani mu chikuta?" Atate anayesa kuwachonderera. "Ba sisi, manje denga izazikhoma yeka?" Anakangana mpaka nkhuku za aneba zinathawa. Mapeto ake azakhali analola kuti akwere atate okha, komanso pokhapokha m'chipindamo mutatchingidwa. Tinasonkhanitsa zitenje zonse za m'nyumba, cha amayi cha kumpingo, za azakhali, ndi nsalu zoyala pabedi. Azakhali anazilumikiza ndi singano, ine ndikuwagwirira mpando, n'kuzikoleka pa misomali m'makoma mpaka zinaphimba chipinda chonse. Dzuwa likawomba pa nsaluzo, nkhope ya mwana inkaoneka yachikasu mbali ina, yobiriwira mbali ina.

Munthu mmodzi kukweza lata padenga si masewera. Atate ankalimanga ndi chingwe, kukwera, kulikoka, lata n'kukakamira pakhoma, iwo n'kutsikanso. Dzuwa likangokwera pang'ono malata ankatentha ngati simbi yawo ya kuhotela, ndipo ankakulunga manja m'masanza. Matuza anatuluka, anaphulika, n'kutulukanso ena. Misomali yambiri inkapindika, ina inkaphonya thabwa. Choipa kwambiri chinali chakuti hamala ikalira, mwana ankadzidzimuka n'kuponya timanja m'mwamba, ndipo azakhali ankakuwa kuti asiye kaye. Atate ankakhala chete pamwamba pa khoma, hamala ili pamwendo, kudikira kuti mwana adzuke yekha.

Ine ndinasanduka mthenga. Ndikangotuluka m'chipinda, atate ankandikodola ali pamwamba. Mafunso awo anali omwewo tsiku lililonse. "Ayamwa? Mchombo wagwa?" Ndinkayankha mpaka kutopa nawo. Mchombowo ndinkadana nawo kwambiri. Kanali kanthu kakuda, kouma ngati phesi la mango, koma ndiko kanamanga nyumba yonse. Amayi akamamusintha mwana thewera ndinkakayang'anitsitsa, n'kumapemphera chamumtima kuti kagwe lero lomwe, kuti a Mubita akwere adzathandize, kapena tithawire kwawo. Iko kanali gwa, osagwedezeka.

Kenaka mitambo inayamba. Masana alionse inkaunjikana mbali ya ku Zimbabwe, yoyera pamwamba, yakuda pansi, ndipo kutali kunkamveka kugunda. Khosi linkandiwawa ndi kuyang'ana kumwamba. Kusukulu sindinkamva chilichonse, ndinkangosuzumira pawindo, ndipo belu likalira ndinkathamanga osadikira anzanga. Madzulo mitamboyo inkabalalika, ife n'kupuma, koma m'mawa mwake inkabwera yokulirapo. Amayi ankangomufungatira mwana pachifuwa, maso ali pa zitenje zija, zimene zinkafufuma ndi kuphwa mphepo ikadutsa.

Tsiku limene mvula inagwa, nyenje zinasiya kulira dzuwa litangopendeka. Chipinda chinali chitafoleredwa, kupatula lata lomaliza, lomwe linali pamwamba penipeni pa bedi. Atate anali atangoliyala n'kulikhoma mbali imodzi. Mphepo inafika mwadzidzidzi ndi fumbi lofiira, mapepala ndi majumbo zikuuluka, ndipo ndinamva fungo la dothi lonyowa. Lata lija linadzuka ngati chitseko. Atate analigwira, koma chigongono chawo chinagunda chitini, misomali yonse n'kumwazikira mumchenga. Ndinagwada kuti nditole, ndipo kumbuyo kwanga makwerero anagwa. Ndinayesa kuwadzutsa koma anandilemera. A Mubita anali kuntchito, ndipo mumsewu munalibe munthu. Madontho oyamba anagwa, akuluakulu, olasa ngati miyala.

Ndinaona atate akugona chafufumimba pa lata lija, manja ndi miyendo atatambasula. Azakhali anandigwira mkono n'kundikokera m'chipinda. M'katimo munali mdima ndi phokoso loti simungamvane. Pabalaza madzi ankangokhuthuka, n'kumalowa pansi pa chitseko. Amayi anali atagwada pabedi, ataweramira mwana kuti msana wawo ukhale denga lachiwiri. Mphepo ikawomba, lata linkanyamuka pang'ono pamodzi ndi atate, n'kumenyanso thabwa. Mphezi inang'anima, zitenje zonse n'kuyera mbee, ndipo ine ndinakuwa. Ndinkadziwa kuti mphezi imakonda chitsulo, aphunzitsi anali atatiuza.

Azakhali anasiya pemphero pakati n'kukweza mutu. "Iwe Yosefe, seluka! Mphezi izakupaya!" Sindinawamvepo akutchula atate dzina lawo chotero. Yankho linabwera kudzera m'lata, pafupi kwambiri, ngati munthu akulankhula m'chidebe.

"Mwana wanyowa?"

"Sananyowe, batate!" ndinakuwa ine.

"Alila?"

"Alila maningi!"

"Mulekeni alile. Nimumveleko."

Sindidziwa kuti mvulayo inatenga nthawi yaitali bwanji. Kwa ine inali ngati chaka. Itakata, dzuwa linatulukanso ngati palibe chachitika, ndipo m'misewu ana anayamba kusewera m'zithaphwi. A Mubita anafika akuthamanga n'kudzutsa makwerero. Atate anatsika pang'onopang'ono, milomo ili yotuwa, mkono ukutuluka magazi pomwe lata linawacheka. Anakhala pa njerwa pabwalo, azakhali n'kuwapatsa tiyi. Asanamalize n'komwe anandituma kutola misomali ija, ndipo anakweranso kukakhoma dzuwa lisanalowe. Pabalaza mipando, mphasa yanga ndi makope anga a kusukulu zonse zinali zitanyowa. M'chipinda munangonyowa ngodya imodzi ya chitenje cha kumpingo.

Mchombo unagwa patapita masiku ochepa, mwakachetechete, m'thewera. Azakhali anamusambitsa mwana, kumumeta, n'kutuluka naye pakhomo. Atate anamulandira ndi manja omanga nsanza. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka azakhali anawauza kuti dzuwa likumuwomba. Anamutcha Limbani. Ine ndinali wokondwa kuti mantha atha, koma mumtima ndinali nditawakwiyira atate. Ndinkati zonsezi anaziyamba okha ndi liuma lawo, chifukwa munthu wanzeru sasasula denga mwezi wa Okutobala. Makope anga anauma atakwinyika, ndipo nthawi iliyonse ndikawatsegula ndinkakumbukira mlandu wawo.

Zaka zambiri pambuyo pake, nditabereka mwana wanga woyamba, ndinabindikira m'chipinda chomwecho. Azakhali anali atakalamba, tsache lija analibenso mphamvu yolinyamulira munthu. Masana ena mvula ikugwa, anandilozera lata lopindika pang'ono pamwamba pa bedi, pomwe panagona atate. Kenaka anandiuza zimene palibe anandiuzapo. Ine ndisanabadwe kunali mwana wina wamwamuna, wobadwa pakati pa dzinja, m'chipinda chomwecho, pansi pa asibesito uja. Denga linkadontha, chifuwa chinamugwira, ndipo anapita mchombo usanagwe. Mwana wotero amakaikidwa ndi azimayi okhaokha, popanda kulira maliro. Atate anaima pakhomo n'kuona kansalu kakudutsa. "Sanamuoneko nkhope olo kamodzi," anatero azakhali.

Ndinamvetsera mvula pa malata, mwana wanga ali pabere. Masiku onse aja ndinkaganiza kuti atate ankafunsa za mchombo pofuna kuti a Mubita akwere, denga lithe msanga. Iwo ankangofuna kuti ulendo uno amuone nkhope.