Makhadi Awili a Mwana Mmodzi

Mwana wanga woyamba anabadwila kwathu ku Ndake, masiku aja a chipani chimodzi. Tinamutcha dzina la malemu atate anga, ndipo ku sikelo anatipatsa khadi. Titabwelela kwa amuna anga ku Nyampande, mwana anayamba kulila kosatonthola. Apongozi anati wakana dzina, akufuna la agogo ake a kuchimuna. Anamusintha dzina, n'kutontholadi.

Sikelo ya ku Nyampande inkachitikila pansi pa mtengo wa mango. Ndimakumbukilabe nyimbo zathu, ana akulendewela pa sikelo ngati matumba a thonje. Anthu a sikelo atandifunsa khadi, apongozi anali pambali panga. Ndinachita manyazi kutulutsa ya dzina lokanidwa, ndinangoyang'ana pansi. Anandilembela ina. Kuyambila pamenepo, ku Ndake ndinkaonetsa yakale, ku Nyampande yatsopano.

Chikuku chitabuka m'midzi, ndinabeleka mwana kupita ku chipatala ku Petauke kuti akamubaye katemela. Anesi anayang'ana khadi yatsopano, n'kupukusa mutu.

"Amai, nyeleti zoyamba za katemela zili kuti? Tiyambilenso zonse."

Ndinaopa kuti mankhwala akalowa kawili amuvulaza mwana wanga. Ndinamasula nsonga ya chitenje, n'kutulutsa khadi yakale.

"Aa! Mapasa awa? Mnzake mwamusiya kuti, kumunda?"

Azimai pa benchi anaseka. Ine mawu anatuluka pang'ono chabe: "Ndi mmodzi, asisita. Anakana dzina."

Anesi sanandikalipile. Anaika makhadi onse pa tebulo n'kumayendetsa chala uku ndi uku. Dzina la mai linali limodzi, tsiku lobadwa limodzi. Anavula mwana malaya, napeza chipsela cha katemela woyamba pa mkono. Kenako anakopela za pa khadi yakale pa yatsopano, pamodzi ndi timadontho ta kulemela kwake. Atatilumikiza ndi bolopeni, ndinaona kwa nthawi yoyamba mzele umodzi ukukwela. Chimene chinkasowa chinali katemela wa chikuku yekha.

"Nanga dzina tisiye liti?"

Sindidziwa kumene ndinatenga mphamvu. "Lembani onse awili."

Analemba la atate anga pambali pa linzake. Atamubaya, mwana analila mpaka panja anamva.

"Mukawauze apongozi anu," anatelo anesi, "uku si kukana dzina ayi. Ndi nyeleti."