Mpando wa azakhali aupereka kwa adalaivala

Mwaswera bwanji nonse. Ndakwiya, ndipo nkhaniyi muimve kwa ine ena asanaipotoze.

Lero azakhali a Dorika anabwera kusukulu kwathu kudzalimbikitsa atsikana pa sayansi. Munthu waphunzitsa Fizikisi zaka zonsezi, pano akutsogolera bungwe la mainjiniya. Atangotsika galimoto atavala chitenje, achiwiri kwa ahedi anathamangira adalaivala: "Takulandirani bwana injiniya!" Mpando wa khushoni n'kuwapatsa. Azakhali anauzidwa kuti, "Mayi, mphasa ya azimayi ili pansi pa mtengo apo."

Atadziwa kuti alakwitsa, kupepesa ayi. Akuti, "Nanga munthu wamkazi tikanadziwa bwanji?"

Ine pa buleki ndinatsikira kumtsinje, ndinathyola chitedze n'kudzapaka m'jekete ya achiwiri kwa ahedi aja, imene anaikoleka pampando chifukwa cha kutentha kwa ku Chikwawa kuno. Nthawi yothokoza alendo anaivala. Abale, bambo uja anavina popanda ng'oma!

Tsopano adziwa kuti ndine, ndipo akuti mawa ndigwade ndipepese pa asembule, apo ayi mayeso sindilemba. Ndawayankha kuti ayambe iwowo kugwadira azakhali.

Amayi, amalume, tandiuzani. Woyenera kugwada pamenepa ndani?