Tsiku Limene Anatilanda Ekiselo

Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 8, ndipo musandifunse chifukwa. Anzanga atapita kusekondale, ine ndinapita kuseri kwa fakitale ya thonje ku Bangula, kumene kunali chinthu chimodzi chimene sichinkandifunsa satifiketi: ekiselo, chitsulo cholumikiza mawilo a kangolo ka panjanji, mawilo ake onse awiri ali pomwepo. Madzi osefukira ndiwo anatisiyira. Tinkagona chagada pathabwa, phulusa m'manja, n'kuikankha kuchokera pachifuwa mpaka mikono itawongoka.

Lamulo linali limodzi. Wopikisana nawe ndiye ankaima kumutu kwako kuti awakhe chitsulo chikakukanika, ndipo yekhayo ndiye ankagamula: "Yakwera," kapena, "Sinakwere." Ukatukula matako pathabwa, sinakwere. Ukamtsutsa, usadzabwerenso.

Wotiposa tonse anali bambo wina wa kwa Nyachikadza, wonyamula mabelo a thonje. Sitinkawatchula ngwazi, poti mawu amenewo masiku amenewo anali ndi mwini wake. Tinkangoti achimwene. Ankandinyansa ndi chilungamo chawo. Ndinkachita kutuluka misempha m'khosi, iwo n'kungokana m'Chisena chawo kuti, "Nkhabe, mphwanga. Matako ako ali kumwamba ngati nkhuku yoikira."

Tsiku lina masana kunabwera mnyamata wa malaya ofiira, mmodzi wa aja ankatseka chipata cha msika kufunsa makhadi a chipani. Anati akufuna kupikisana ndi wamkulu wathu. Tonse tinadziwa kuti ameneyu akachoka atakwiya, ekiselo yapita.

Ndinawanong'oneza achimwene. "Mungonena kuti yakwera. Apite."

Achimwene anangopaka phulusa m'manja. Anagona, nakankha, mnyamata uja n'kuyankha monyinyirika kuti yakwera. Kenako anagona iye. Chitsulo chinanyamuka pang'ono, matako n'kuuluka, miyendo ikupalasa ngati chule wagwidwa ndi ng'ona. Chinayamba kubwerera chakukhosi. Achimwene anachiwakha, n'kuchiika pambali.

"Yakwera!" anakuwa yekha mnyamatayo, akutsokomola.

Wamkulu wathu anamuyankha kuti, "Nkhabe, achimwene. Sinakwere. Mubwere mawa, ndikuonetseni poponda."

Poponda! Munthu akufuna kutimaliza, iwo akumulonjeza maphunziro.

Mawa lake anabweradi, koma ndi anzake atatu ndi ngolo ya ng'ombe. Akuti chitsulocho ndi katundu wa boma. Boma lomwe linachisiya m'matope mpaka chinachita dzimbiri linachikumbukira tsiku limenelo.

Anachigwira anayi. Kuchikankha utagona ndi nkhani ina, kuchichotsa pansi mpaka pangolo ndi nkhani inanso. Wina anatsetsereka, wina chinamuponda chala, n'kuyamba kutukwanizana. Ine mtima unali mbee. Ndinati achisiye, ayambe akadya.

Achimwene anaimirira.

"Musayerekeze," ndinatero. "Asiyeni athyoke misana."

"Msana ukathyoka subwerera, mphwanga."

Anapaka phulusa, nawauza kuti apatuke. Anachikoka mpaka m'chiuno, n'kuchigwetsera pangolo, ng'ombe mpaka kudzidzimuka. Atatero anatembenukira mnyamata wa malaya ofiira uja n'kungomuyang'ana, kudikira.

Mnyamatayo anayang'ana anzake, anayang'ana pansi.

"Yakwera," anatero chapansipansi.

"Zikomo," anatero achimwene, ngati awapatsa mendulo.

Ngolo inapita. Ndinawatukwana achimwene m'Chimang'anja, mawu atandithera ndinapitiriza m'Chisena. Iwo ankangosasa phulusa m'manja.

Tinatsala ndi zitini za penti zothira simenti, zolowetsa paipi pakati, mbali ina yolemera kuposa inzake. Ekiselo ija ndinkaiona panja pa ofesi ya chipani, mbuzi atazimangirirapo.

Patapita milungu, mnyamata uja anatulukira, malaya ofiira atawasiya kunyumba. Ekiselo sanabwere nayo. Anaima patali ngati mkamwini wosalowola.

"Mphwanga, kaime kumutu kwake," anatero achimwene.

Ndinakaima. Anakankha zitini zija, matako ali phee pathabwa. Ndinafunafuna cholakwa, ndinachisowa.

"Yakwera," ndinatero, n'kulavula pambali.