Ndinafika woyamba pa Jenda

Tinanyamuka pa Mzimba Boma Loweruka cha m'ma sikisi m'mawa, anthu khumi ndi awiri, mphepo ya Juni ikuluma zala. Gulu lathu linali la aphunzitsi, anamwino ndi ena a m'maofesi, ndipo chaka chilichonse tinkapalasa njinga masiku awiri kukafika pa Jenda kudzera ku Embangweni. Lamulo linali limodzi: wofika woyamba pa Jenda ndiye mtsogoleri wa gulu chaka chonse. Ine Kachingwe, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, ndinali nditatsogolera zaka zitatu, ndipo sindinkaona chifukwa chosiyira.

Chaka chimenecho kunabwera a Chavula, mlangizi wa zaulimi, mbadwa ya ku Mzimba konko. Njinga yawo inali yakuda yachikale ija, ya kaliyala wowotcherera. Yanga inali ya magiya, yogula ku Mzuzu, yoti ana amaithamangira. Nditaona yawoyo ndinawamvera chisoni, koma chisonicho chinatha tisanafike pa Manyamula. Munthu uja ankakwera zitunda ali phee pa chishalo. Ine ndinkasintha magiya mpaka tcheni kulira, thukuta lili kamukamu, koma ndikacheuka ndinkawapeza pambali panga akundifunsa mtengo wa kachewere ku Ntcheu.

Pa Manyamula, cha m'ma naini, tinaima kugula tiyi ndi mandazi a K50. Mayi wogulitsa atangowaona a Chavula anandisiya ine nditatambasula dzanja.

"Adada Chavula, mwatitaya chomene," anatero mayiyo. "Mbewu ija munatiuza tinabzala, mbwenu nkhokwe yadzaza."

Anawatungira chikho cha chindongwa, chomwe ndi thobwa la kuno, osalipiritsa. Mtsogolerine ndinalipira tiyi wanga, wozizira kale.

Masana tinadya tchipisi cha pachiwaya pa Edingeni. Tikunyamuka, tayala la Sisitala Banda, namwino wa m'gulu lathu, linaphwa. Ndisanamalize kutsegula kabokosi kanga ka zigamba, a Chavula anali atatulutsa kale chubu, kupeza pobooka ndi malovu, n'kumata.

"Chaka chamawa mutitsogolere ndinu, a Chavula," anatero Sisitala.

Onse anaseka. Nanenso ndinaseka, mano okha. Kunena mosabisa, nsanje inandigwira, moti titafika pa Embangweni dzuwa likupendeka, anzanga akuyala mphasa m'kalasi momwe tinapemphamo malo, ine ndinali panja kuthira oilo tcheni chomwe ndinali nditathira kale m'mawa.

Lamulungu tinanyamuka seveni koloko. Patatha ola limodzi tinatsala awiri kutsogolo, ine ndi a Chavula, enawo ali kutali m'fumbi. Ndiye pa mudzi wina, msewu ukutsetsereka bwino, a Chavula anamanga mabuleki, kutsika, n'kuvula chipewa.

Pamsewu panali patayalidwa masamba aawisi. Amuna anakhala pansi pa mtengo, amayi akuimba chapansipansi kukhonde la nyumba ina. Ngakhale kwathu mwambo wake ndi womwewo: masamba pamsewu ndiye kuti pali maliro, wapanjinga amatsika n'kukankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Koma mutu wanga unali kwina. Ndinaona kuti pamene iwo azikankha, ine ndikhala nditakwera chitunda chakutsogolo. Ndinaweramitsa mutu ngati ndikuyang'ana tcheni, n'kupalasa.

Sindinapite patali. Amuna atatu anaima pakati pa msewu, mmodzi n'kugwira handulo. Ananditengera kwa bambo wina wachikulire amene anakhala pa mpando wamatabwa, ndipo anandilozera pansi.

"Kwanu ndi kuti, adada?" anafunsa bamboyo.

"Ku Ntcheu."

"Ku Ntcheu anthu sakufa?"

Nyimbo ija inali itasiya, maso onse ali pa kabudula wanga wothina.

"Wagona m'nyumba umo ndi mwana wanga," anatero bamboyo. "Njinga iyi ikhale pano mpaka tiike. Mbwenu tidzakambirana."

Kuika kunali kwa masana. Anzathu anafika akukankha njinga zawo, n'kukhala pansi mwaulemu. Apo a Chavula anagwada, kuomba m'manja, n'kuyankhula m'Chitumbuka nthawi yaitali. Ine ndinatolapo mawu awiri okha, "mlendo" ndi "ndapota". Bambo uja anapukusa mutu, kenaka anatembenukira kwa tonse.

"Mwadutsa pa maliro ngati pamsika. Njinga tengani, koma mmodzi wa inu atsale, akakumbe nawo manda."

Aliyense ankadziwa woyenera kutsala. Ndikanatha kunena kuti nditsala ndine, ndipo mawuwo anafika pakamwa. Koma ndinaganizanso za Jenda, n'kuyang'ana pansi. Nditadzutsa mutu, a Chavula anali akupinda kale buluku.

"Pitani, aphunzitsi," anatero. "Ine khasu ndinalizolowera."

Ndinakankha njinga mpaka masamba achiwiri, n'kukwera. Palibe anandithamangitsa. Ndinalowa pa Jenda isanakwane leveni, pakati pa amayi a tomato ndi anyezi amene ankathamangira mabasi a ku Lilongwe, ndipo mmodzi yekha ndiye anandiyang'ana, kufuna kundigulitsa kabichi. Anzanga anafika patapita nthawi, onse pamodzi, mosafulumira.

Tinalowa m'kanyumba kodyera, kuitanitsa mpunga ndi nkhuku yachikuda. Sisitala Banda anauza mwini malo kuti mbale imodzi aivindikire, aikemo chiwalo chachikulu. Titadya, anthu anatulutsa mabenchi panja n'kuwalozetsa ku msewu wa ku Embangweni. Za mpikisano palibe anazitchula. Woyendetsa pikapu yotibweza ku Boma anabwera kawiri kudzafunsa, ndipo kawiri konse anamuuza kuti adikire.

A Chavula anatulukira cha m'ma folo, dothi lofiira mpaka m'mawondo, m'manja muli matuza. Gulu lonse linaimirira. Iwo anadutsa onsewo n'kubwera kwa ine.

"Mwapambana, atsogoleri," anatero, akundigwira chanza. Kenaka anauza anzathu kuti, "Musawadandaule aphunzitsi. Potsetsereka paja munthu wa njinga yothamanga sangaone masamba."

Utsogoleri ndinausunga chaka chachinayi, monga mwa lamulo. Pa ulendowu ndinaphunzira kuti nsanje imatha kumuyendetsa munthu wamkulu, wophunzitsa ana a eni ulemu, pakati pa anthu olira. Koma ndinganame nditati inandichoka. Mpaka lero gulu limakhulupirira kuti masamba aja sindinawaone, chifukwa anatero ndi a Chavula. Ndinawaona bwinobwino, ndipo iwo akudziwa, poti anali pambali panga.