Mafoni Anayi Amene Effie Anatsekera

Faifi koloko m'mawa inamupeza Effie Chisale atachapa kale nsalu zitatu zoyala pabedi, yachinayi ili m'beseni. Pampopi ku Mabvuku panali patatha masabata osadontha kanthu, ndiye madzi otsukuluzira ankawathira m'ndowa kuti akagwire ntchito kuchimbudzi. M'chipinda chakumaso apongozi ake, bambo Chisale, ankatsokomola. Sitiroko inawagwetsa zaka zinayi zapitazo, ndipo dzanja ndi mwendo wakumanja sizigwiranso ntchito.

Effie anabadwira ku Mabvuku konko. Bambo ake anachokera ku Dedza ali mnyamata, koma iye Dedza sanaioneko. Pamsewu amalankhula Chishona, kunyumba ndi kutchalitchi Chichewa. Mwamuna wake Clemence atamwalira n'kumusiya ndi mwana wawo Primrose, abale anamuuza kuti akhoza kubwerera kwa makolo ake. Anatsala, poti panalibe wina wowaphikira apongoziwo. Apongoziwo atadwala, kusambitsa, kudyetsa ndi kuchapa zinangomugwera, popanda wokhala pansi kunena kuti ntchitoyo ndi ya yani.

Chimodzi chokha sangathe yekha: kuwanyamula pabedi kuti akhale pampando wosambira. Apa m'pamene amabwera Filomena wa kuseri kwa mpanda, amene tonse timamutchula kuti amake Jorge. Anafika kuno ali mtsikana, pothawa nkhondo ku Tete. Tsiku lililonse sikisi koloko amalowa osagogoda, n'kumanga chitenje, n'kugwira kumapewa pamene Effie wagwira kumiyendo. Akatha amamwa tiyi ali chiimire, n'kupita kukayala tomato wake pamsika.

Rauta, kabokosi kopereka intaneti m'nyumba, inabwera ndi Albert, mlamu wake wa Effie, pa Khirisimasi ya chaka chatha. Albert amagwira ntchito ku Joni, ndipo ankafuna kumaona bambo ake pafoni Loweruka lililonse. Anaikhomera pamwamba pa kabati, n'kumuuza Effie kuti data ndi yoyeza, si ya msewu wonse.

"Nanga akandipempha pasiwedi, alamu?" anafunsa Effie.

"Akaneni."

"Inu mumakhala kutali. Kuno munthu sakanizidwa mchere, sakanizidwa machesi. Ndikane pasiwedi, mawa ndikapemphe madzi kwa yani?"

Albert anaseka, n'kumuonetsa njira ina. Pafoni ya Effie anatsegula tsamba lina la rautayo. Pamenepo pankaoneka mafoni onse amene alowa pa wayifayi, ndipo pambali pa iliyonse panali kabatani. Ukakadina, foni imeneyo siilowanso, ngakhale mwini wake akhale ndi pasiwedi.

Effie sanakanepo munthu. Aliyense wopempha ankamulembera pasiwedi pakapepala, mwaulemu. Munthuyo akangotuluka pageti, iye ankatsegula tsamba lija n'kudina. Anatero kwa amayi atatu a mvano, amene amasonkhana nawo kutchalitchi Lachinayi lililonse. Wachinayi anali amake Jorge, nawonso wa mvano, amene ankafuna kumamva mauthenga a mwana wake Jorge wa ku Beira. Tsiku limenelo Effie anaiyang'ana foni nthawi yaitali asanadine. Anadziuza kuti amake Jorge ali pafupi kwambiri, foni yawo izingolowa usana wonse, data n'kutha Loweruka lisanafike.

Akamadandaula kuti ikukana, Effie ankayankha kuti makoma a nyumba zakalezi ndi okhuthala. Miyezi ingapo ankamuona Filomena pawindo, ataima pampanda, foni atakweza m'mwamba, akuyenda pang'onopang'ono uku ndi uku. Effie ankatseka katani n'kupitiriza kusenda mbatata.

M'mawa wa nsalu zinayi uja linali Loweruka. Magetsi atabwera dzulo lake, rauta inathwanima kwa kanthawi, n'kuzima, n'kuyakanso yokha. Effie sanalabadire. Sikisi koloko Filomena analowa nkhope ikuwala ndi kumwetulira.

"Amake Primrose, mwaichita chiyani rauta yanu? Yanditsegukira. Mauthenga a Jorge alowa onse pakamodzi, mpaka a Isitala. Ndamumva akuimba nyimbo, mwana wopanda mawu ngati uja."

Effie anaika ketulo pansi. Anatenga foni, n'kutsegula tsamba lija. Mitundu inali itasintha, zilembo zitakula, ndipo panali mawu akuti rauta yalandira apudeti. Mndandanda wa mafoni unalipo, onse anayi atalowa. Mabatani aja munalibe.

Anawanyamula bambo Chisale monga mwa masiku onse. Akuwapukuta msana, foni inalira. Anali Albert, waimba msanga poti masana ankagwira ntchito. Effie anaimika foni patsogolo pa apongozi ake. Filomena anali kuseri kwa foniyo, atawagwira mkono kuti asapendekeke. Chithunzi cha Albert chinauma pakamwa pali yasa, koma mawu ankamveka bwinobwino.

"Ikudukaduka bwanji, alamu? Taonani tsamba lija."

"Lasintha. Mabatani mulibe."

"Ndiye kuti onse munawatsekera aja alowa? Amayi anu a mvano, ndi mayi wa tomato wakuseriyo?"

Effie ankangoyang'ana thaulo lili m'manja mwake. Bambo Chisale, amene mawu amawavuta koma makutu ndi akuthwa, anatembenuza maso n'kuyang'ana Filomena.

Filomena sanawasiye mkono. Anadikira foni ithe, n'kuthandiza kuwaveka malaya, n'kumanga mabatani mpaka lapakhosi. Tiyi sanamwe.

Lamulungu anabwera sikisi koloko. Lolemba anabweranso. Ankapereka moni kwa bambo Chisale m'Chichewa, atagwada monga kale, koma kwa Effie ankangoti "Mamuka sei," moni wa Chishona umene timapatsa aliyense wodutsa pamsewu. Foni ankaisiya kunyumba. Effie akanakonda kuti asabwere n'komwe, kapena abwere adzamutukwane.

Masiku amenewo Effie ankati akapeza mpata, pakati pa phala ndi mankhwala, ankafufuza tsamba lililonse la rautayo. Anaizimitsa n'kuiyatsa. Lachiwiri anakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita m'tauni, kushopu kumene Albert anaigula, atasiya apongozi ake ali m'tulo ta masana. Mayi wa pakauntala anayang'ana n'kunena kuti apudeti yatsopanoyi inachotsa zimenezo, ndipo kubwerera ku yakale sizitheka.

"Ingosinthani pasiwedi, mai. Amene simukumufuna musamupatse."

Mu kombi pobwerera Effie anazindikira kuti wataya theka la tsiku kufunafuna njira yoti apitirize kunama. Ankaona ngati aliyense m'kombimo akudziwa.

Pasiwedi sanasinthe. Anamulembera Albert kuti data ikatha, yatha, bambo adzawaimbira pafoni wamba. Albert anayankha mawu ambiri, ndipo Effie anawerenga oyamba okha.

Lachitatu madzulo, dzuwa likadalipo, anazungulira mpanda. Anapeza Filomena akusankha tomato, wofewa mbali ina, wolimba mbali ina. Effie anakhala pansi pakhonde, osadikira mpando.

"Amake Jorge, ndinakunamizani. Makoma aja alibe mlandu."

"Ndinamva. Alamu anu ali ndi mawu omveka bwino."

"Ndinkaopa kuti data itha."

"Mukanandiuza. Ine ndimakana anthu tomato tsiku lililonse, ndipo amabweranso mawa." Filomena anatembenuza tomato m'manja, n'kumuika kwa wofewa. "Mukudziwa kuti foni yanga yoyamba ija ndinakaisinthitsa? Inali yabwinobwino. Jorge ndiye anandigulira. Ndinkati ndi imene ikukana. Inu munandiperekeza pa siteji tsiku limenelo, mutandigwirira ambulera."

Effie anakumbukira. Anakumbukiranso kuti anamuuza shopu yoti apiteko, ndipo foni yatsopanoyo anaitsekeranso.

"Nanga mukubwereranji m'mawa?" anafunsa motsitsa mawu.

"Bambo Chisale ananditsekera chiyani?"

Mumsewu munadutsa ngolo ya zigubu, wokankha akuitanira madzi. Effie anayamba kusankha nawo tomato, ndipo Filomena sanamuletse, koma awiri amene Effie anawaika kwa olimba anawabweza.

"Amayi a mvano aja akudziwa?" anafunsa Effie.

"Ine sindinauze munthu. Akungosangalala kuti rauta yanu yachira. Amake Tatenda akuti ndi mapemphero."

Effie anafuna kuseka, koma sizinatheke. Anapukuta manja pachitenje.

"Ndikawauza ndekha mawa, tisanayambe nyimbo. Primrose, mwana wanga, adzakhala ndi agogo ake. Koma ndikapita ndekha ndikabwerera pageti pa tchalitchi, ndimadzidziwa. Sindikuti mundilankhulire, kapena mundikhululukire lero. Mungodzandidutsira hafu wani, amake Jorge, tikalowe limodzi."