Fungo la Maluwa a Nyika

Inu amene mumati moyo wakukanikani, tamvani za Otilia wa ku Bangula.

Mayi ake, a Esinala, anathera m'dambo la Elephant Marsh chaka china cha njala, m'ma 1970. Anapita kukazula nyika, mizu ya m'madzi ija anthu akuchigwa amadya chimanga chikatha, ng'ona n'kuwagwira. Thupi silinapezeke. Manda panalibe, chithunzi panalibe, ndipo bambo anali atamwalira kale.

Chimene mwanayu anatsala nacho ndi fungo basi. A Esinala akamachokera kudambo ankasomeka duwa la nyika pa duku, ndipo akamukumbatira, iye ankalimva pakhosi pawo.

Anamutenga ndi mayi ake aakulu, a Magdalena, amene ankatcheza kachasu mobisa kuseri kwa nyumba. Zaka zikupita, nkhope ya mayi inayamba kufufutika m'mutu mwa Otilia. Mawu awo nawonso anapita. Mtsikanayu anachita mantha kuti tsiku lina fungo lija adzaliiwalanso, mayi ake n'kumuferanso kachiwiri.

Vuto lake, duwa la nyika ukathyola m'mawa, pofika masana lafota, fungo lathawa. Otilia anachita zimene aliyense wa kwathu kuno akanachita: anawiritsa maluwawo mumphika ngati mankhwala azitsamba. Chotuluka chinali fungo la ndiwo zamasamba zogona. Anayesanso mumphika wotchezera kachasu, n'kuwononga mowa wonse wa sabata imeneyo.

"Mwana iwe, mutu wako ukuyenda bwino?" anakalipa a Magdalena. "Fungo amaika m'botolo? Mayi ako anapita, asiye agone!"

Otilia analira, koma sanasiye. Mayeso a Sitandade 8 analephera, anzake n'kumamuseka kuti sukulu yake ndi ya maluwa. Anabwereza, n'kulepheranso. Atalemba kachitatu anasankhidwa kupita kusekondale.

Kumeneko anafunsa a Lorenso, mphunzitsi wa sayansi, chifukwa chake fungo limafa pamoto.

"Fungo la duwa si chinthu chimodzi ayi," anatero aphunzitsiwo. "Ndi timafuta tambirimbiri topepuka, timene timauluka mumpweya n'kufika m'mphuno mwako. Tina timathawa msanga, tina timachedwa. Moto umathamangitsa tina, tina n'kutiwononga. Koma timakonda kulowa m'mafuta. Usaphike duwa, ligoneke pamafuta ozizira."

Patchuthi Otilia anayenga mafuta a ng'ombe mpaka kuyera, n'kuwapaka m'mbale. M'mawa uliwonse ankayalapo maluwa atsopano, kuchotsa adzulo. Mafuta atakhuta fungo, anawasungunula mu mutu wa kachasu, uja woyamba kudontha, waukali. Ananunkhiza. Duwa lija linali m'botolo!

Botolo limenelo ndi limene linamupezetsa ntchito pafakitale ina ya sopo ku Blantyre. Musaganize kuti anafikira pampando ayi. Anayamba n'kutsuka mabotolo m'chipinda choyezera zinthu, kwinaku akuphunzira mayina a timafuta tija ndi kanunkhidwe kake, kalikonse pakokha. Mphuno yake inali yakuthwa moti patapita zaka, sopo sankatuluka pafakitalepo Otilia asananunkhize.

Anthu ankati wafika. Iye mumtima ankadziwa kuti sanafike. Anasakaniza fungo la duwa la nyika mwaluso lake lonse, n'kupita nalo ku Bangula kwa a Magdalena, amene tsopano anali atakalamba, maso atachita khungu.

"Mayi, tanunkhizani."

A Magdalena ananunkhiza, n'kupukusa mutu. "Duwa ndi lomwelo, mwananga. Koma m'bale wanga mulibemo."

Zinamuwawa koopsa. Ulendo wonse wobwerera pasitima analira. Wina akanati basi, ndayesetsa. Koma Otilia anakumbukira zimene anaphunzira pantchito, kuti m'maluwa ena onunkhira kwambiri muli kanthu kamene pakokha n'konunkha moipa, ndipo ukakachotsa, duwa limamveka lakufa. Iye anali atachotsa zonse zimene ankaziona ngati zauve. Koma mayi ake sanali duwa la m'munda wa azungu. Anali mayi wa m'dambo, wa matope m'miyendo, wa utsi m'nsalu.

Anayambiranso. Anawonjezera kafungo ka utsi wa nkhuni, kadontho chabe, ndi ka dothi lonyowa. Akachulutsa ankataya, akachepetsa ankayambiranso. Zinamutengera zaka.

Atabwereranso ku Bangula sanawapatse botolo a Magdalena. Anadzipaka fungolo pakhosi, n'kugwada kuti apereke moni. A Magdalena anatukula mutu, akununkhiza. Anamugwira nkhope ndi manja onse awiri.

"Esinala? Unali kuti nthawi yonseyi?"

Otilia sanawatsutse. Anangowakumbatira, onse awiri akulira mokweza mpaka anthu oyandikana nawo anathamangira kudzaona ngati pagwa maliro.

Mayi ake sanabwerere, ndipo ine sindikunamizani kuti khama limadzutsa akufa. Koma mwana wamasiye uja, wolephera mayeso kawiri, anakana kuti mayi ake aiwalike, ndipo sanaiwalike. Inunso muli nacho chimene mtima wanu ukulirira, chimene anthu akuti n'chosatheka. Mukalephera, funsani pamene mwalakwitsa, muyambirenso. Osataya mtima, abale anga.