Batani Lochotsa Phokoso

Ndinachoka ku Mualadzi chifukwa cha khasu, ndisaname. Ena amati anapita kukafuna maphunziro, ena amati anaitanidwa. Ine khasu ndinkalida basi. Tsiku lina tikupalira chimanga ndi atate, ndinangoliimika pamzera n'kunena kuti ndikupita ku Maputo, mnzanga wandipezera malo kwa munthu wojambula maukwati. Atate sanaweramuke n'komwe. Anati iwo anathawa nkhondo wapansi mpaka ku Zambia, anakhala kumsasa zaka zonsezo akulota munda womwewu, ndipo ineyo ndinabwera kuno ndili kumsana mtendere utabwera. "Nanga iwe ukuthawa chiyani?" anandifunsa. Amayi anandimangira mtedza m'kansalu, mlongo wanga Lusiya n'kundikweza panjinga mpaka pamsewu waukulu.

Ndinkaganiza kuti ndikagwira kamera. Ayi ndithu. Apatarau, eni ntchitoyo, anandikhazika m'kachipinda kopanda zenera, kutsogolo kwa komputadoro, nati ntchito yanga ndi montaji. Anzanga ankabwera ndi zojambulidwa za tsiku lonse, ine n'kumadula. Amalume oledzera ndidule, mkwatibwi akuyasamula ndidule, apongozi atakwinya nkhope ndidule, mpaka patsale ola limodzi loti eni ake aziti ukwati wathu unali wosaoneka ndi kale. Ndinaidziwa ntchitoyo, ndipo ndinkaikonda. Koma munthu umatha tsiku lonse zomvera zili m'makutu, ukuyang'ana anthu osawadziwa akusangalala. Panja anthu ankalankhula Chichangana, kuntchito Chipwitikizi. Chinyanja ndinkachitulutsa Lamlungu lokha pafoni, nthawi zina lilime n'kumachita ngati lachita dzimbiri. Ndalama ndinkatumiza zikapezeka. Mwezi umene zasowa ndinkazimitsa foni, manyazi.

Programa imene tinkadulira makanema inali ndi khalidwe lake. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu inkabwera ndi uthenga woti yatuluka yatsopano, atualizasau. Pamwamba pa uthengawo ankalemba zabwino zimene awonjezera. Pansi penipeni, m'tizilembo tating'ono, ankalemba mavuto odziwika amene sanawakonze. Apatarau anali ndi malamulo awiri okha: usasinthe programa ntchito ili pakati, ndipo uziwerenga mpaka pansi. Ine ndinkawerenga pamwamba pokha n'kudina. Ndinali ndi phuma la zatsopano, ndipo kwa zaka zisanu palibe chinandiluma.

Atate anamwalira mu Disembala, mvula ili pakati. Lusiya anandiimbira m'mawa, nati aika mawa lake, kwathu mtembo sudikira munthu. Kuchokera ku Maputo ndi masiku awiri pa basi, mashimbombo aja, msewu ukakhala wabwino. Patebulo panga panali maukwati anayi odikira. Zonsezi n'zoona, koma choona china n'chakuti ndikanatha kupita ngakhale mochedwa, kukakhala pamphasa ndi amayi. Sindinapite. Ndinkaopa. Ndinatumiza ya bokosi, n'kuuza Lusiya kuti ajambule maliro onse pafoni yake.

Anajambula, mwana wa amayi. Sabata yathunthu ankakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene redi ya foni imagwira, kunditumizira tizidutswa. Atamaliza anandifunsa ngati angafufute, poti foni yadzaza. Ndinamuuza kuti afufute, zonse ndili nazo. Kenako anapatsa foni amayi. Mawu awo anali atasasa. Anati kanemayo ndimuonere ndekha, ndimve bwinobwino, ndipo ndikatero ndimulumikize akhale mmodzi. Atate aakazi, mlongo wawo wa atate amene anatsalira ku Zambia atakwatiwa komweko, analephera kubwera chifukwa cha miyendo ndi madzi. Adzabwera pa bona chaka chikatha, ndiye adzaone kuti mlongo wawo tinamuika mwaulemu.

Tizidutswato ndinatitsegula nditatseka mawu. Sindikanatha. Ndinangoona ngodya ya bokosi, ndiye ndinakankhira chithunzi pakona n'kumayang'ana mzera wa mawu, uja umaoneka ngati timapiri pansi pa kanema. Unali wakuda bii kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ndinati ndi mphepo imeneyi, foni yotchipa pamtetete imatero.

Sabata yomweyo n'kuti nditalowetsa atualizasau, maukwati anayi aja ali pakati. Inabwera ndi batani latsopano lochotsa phokoso n'kusiya mawu a munthu wolankhula. Paukwati linkachita zodabwitsa: jenereta kuzimiririka, malumbiro n'kumveka ngati akukunong'oneza. Ndinaliyesa pamene mkulu wa mpingo ankalankhula kumanda, ndinamvera mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, anali oyera mbee. Ndinatsekanso mawu, ndinadina batanilo pa kanema yense, mzera wakuda uja n'kusalala. Ndinatulutsa kanema womalizidwa, ndinamuika pa fulashi, fulashiyo m'thumba la jekete. Mu Januwale disiki inadzaza ndi maukwati, ndipo ndinachita zimene ndinkachita ndi ntchito iliyonse yotha: ndinafufuta zoyambirira. Amayi atandifunsa, ndinati ndaonera, ndamva zonse. Anangoti chabwino.

Panapita miyezi isanu ndi inayi. Masana ena inabweranso atualizasau, ndipo poti inkachedwa kulowa, ndinayamba kuwerenga uthenga wake pofuna kutaya nthawi. Ndinafika pansi, koyamba m'moyo wanga. Analemba kuti akonza vuto la batani lochotsa phokoso, limene linkatenga kuimba ndi kulira kwa anthu ambiri ngati phokoso n'kuzichotsa, ndipo anawonjeza kuti vutolo analitchula kale pa mavuto odziwika a ulendo uja. Ndinawerenga kawiri.

Ndinatenga fulashi, ndinavala zomvera. Ndiye kuonera maliro a atate kunali kumeneko. Amayi ali pakhomo, azimayi awiri atawagwira m'khwapa, kukamwa kuli yasa, mitsempha ya pakhosi itaima. Kuli zii. Azimayi odzaza bwalo, mapewa akugwedezeka, kuli zii. Mwa apo ndi apo kunkamveka mawu a mwamuna, oyera bwino, akuti bweretsani mkeka wina, kapena sendezani njingazo. Kenako zii.

Ndinalemba pabwalo la pa intaneti pamene ogwiritsa programayo amathandizana. Wina anandiyankha mzera umodzi, kuti ndibwerere ku zoyambirira ndichotse batanilo. Apatarau anangopukusa mutu nati malamulo awo ndi awiri okha, ndipo ndaswa onse. Disiki ndinaipereka kwa katswiri wobweza zofufutidwa, anapezamo maukwati okhaokha. Lusiya ndinamufunsa mozungulira ngati pafoni patatsala kanthu. Anati achimwene, si munati ndifufute?

Apa ndi pamene ndikanaima n'kunena zoona. Koma ndine wa montaji ine, dzenje ndikaliona ndimalitseka. Tinali titajambulapo maliro a munthu wina wolemera ku Maputo komweko. Ndinatsegula amenewo, ndinasankha malo amene azimayi ankangolira osatchula mawu, n'kuyamba kuwaika pakamwa pa azimayi a kwathu. Masiku atatu ndinakhala pamenepo, kufananitsa mpweya ndi mapewa, kutsitsa apa, kukweza apo. Pa amayi ndinaikapo mawu a mayi wina wolira mokoka. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti nditamaliza ndinanyada. Inali ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo. Apatarau anaonera nati palibe angadziwe.

Ndinafika kwathu kutatsala masiku awiri kuti bona achitike, fumbi la njinga yamoto lili m'mano. Theka la munda linali litabwerera thengo. Amayi anali atachepa, ndinachita kuwerama powapatsa moni. Anthu ankandilonjera mwaulemu wopitirira, uja amapatsa mlendo, ndipo azimayi ena ankandiyang'ana nthawi yaitali ndikadutsa. Ndinkaganiza kuti akuona nsapato. Atate aakazi anali atafika kale kudzera pa chipata cha malire cha Cassacatiza, atakhala pampando chifukwa pansi sakanatha kudzukapo.

Tsiku la bona, anthu atamwa mowa wa atate, masana dzuwa litapendeka, amayi anati kanema uja abwere. Tinalowa m'nyumba, Lusiya anatchinga zenera ndi chitenje, azimayi anadzaza pansi mpaka pakhomo. Ndinaika komputadoro pamtondo wovundikira, n'kudina.

Sipanathe mphindi imodzi.

"Imitsa," anatero atate aakazi. "Akulirawo ndani?"

Ndinati ndi amayi, si awo akuonekawo.

"Nkhope ndaiona. Ndikufunsa mawu. Mlamu wangayu ndinalira naye kumsasa tikuika mwana wake woyamba, kulira kwake ndimakudziwa ngati kwanga. Awa ndi alendo. Watitengera alendo kudzalira mlongo wanga?"

Palibe anakweza mawu. Mayi wina anati kwathu kuno sitilira chonchi, ameneyu akulira ngati akuimba. Wina anati iye akudziona apo pafupi ndi nkhokwe, koma pakamwa pake pakutuluka munthu wina, ndipo thupi lake lachita tsemwe. Anayamba kutuluka mmodzimmodzi, atagwira zitenje kukamwa. Ine ndinayamba kufotokoza za programa, za atualizasau, za batani, za mavuto odziwika amene amalemba pansi. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikungobwebweta. Amayi ankangoyang'ana chithunzi chawo chitaima, kukamwa kuli kotsegula.

Lusiya anandikokera kuseri kwa nyumba. Sindinamuonepo atakwiya chotero, ndipo sanakuwe, ankalankhula ndi mano. Anati kodi mukudziwa chifukwa chimene amayi ankakufunsirani ngati mwamva? Tsiku lija atalira amuna awo, amayi anamukodola Lusiyayo kuti abwere ndi foni pafupi, anaiyang'ana, n'kuyamba kulira akutchula dzina langa. Analira nthawi yaitali, akundiuza zinthu, bwalo lonse likumva, mpaka azimayi ena anachita kutembenuka. Ndinakumbuka malo amenewo. Ndi pamene nkhope ya amayi inadzaza chithunzi chonse, pamene ndinavutika kwambiri kufananitsa milomo.

Ndinamugwira dzanja kuti andiuze zimene ananena. Anakana. Anati zimene munthu wanena polira maliro sitizibwereza pabwalo ngati nkhani ya kumsika, ndipo si zake, ndi za amayi. Ndinapita kwa mayi uja wa pankhokwe, ndinapitanso kwa mkulu wa mpingo. Onse anandilandira bwino, onse anati anamva, ndipo onse anandibweza ndi ulemu womwewo. Ndi pamene ndinazindikira chimene azimayi ankandiyang'anira. Chaka chathunthu mudzi wonse unkadziwa zimene amayi anandiuza, unkadikira kuona ngati ndibwera nditasintha. Ine ndinabwera ndi fulashi m'thumba.

M'mawa mwake ndinawapeza amayi akutonola chimanga kuseri kwa khitchini. Ndinagwada. Ndinawauza zonse popanda kudula: kuti sindinamvere, kuti ndinanama, kuti ndinkaopa kumva mawu awo chifukwa ndinkadziwa kuti ndikawamva ndisiya ntchito ndibwere. Ndinalira pamenepo, kulira kumene sindinalire mu Disembala. Anandisiya mpaka nditatha. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero.

Ndinawapempha kuti andiuzenso, ngakhale pang'ono, ngakhale mongolankhula.

Anati mongolankhula sizituluka, anayesapo pafoni kangapo zinakanika, n'chifukwa chake anaziika m'kulira. Ndipo kulira maliro pakhomo popanda mtembo n'kuitana wina. Ali ndi ana awiri okha otsala, sangayese.

"Ndiye sindidzamva, amayi?"

Anatenga chitsononkho china, anachitembenuza m'manja.

"Ndikanati udikire maliro ena a pakhomo pano, ndidzakuuze. Koma otsatira ndi anga, mwanawe, ndipo pamenepo wolira sindidzakhala ine."